Wotchi ya Njati ndi Kakowa wa Pamsana

Padangokhala Njati wa kudambo, amene anagula wotchi yowerenga mapazi ndi kugunda kwa mtima. Kakowa, yemwe ankakhala pamsana pake n'kumamuchotsa nkhupakupa, zinamuwawa.

"Achimwene, mutiyese," anatero Kakowa. "Wodziwa thupi lanu ndani, ine kapena kachitsuloko?"

Njati anathamanga mpaka kumtsinje. Wotchi inati, "Mwachita bwino, onjezerani liwiro." Kakowa anati, "Mwendo wakumanzerewu mukuukoka. Pumani kaye."

Njati anasankha womuyamikira. Kakowa anauluka n'kukakhala ndi ng'ombe zakumudzi.

Lero Njati ali gone m'matope, mwendo utatupa, nkhupakupa zitadzaza m'makutu. Akaona mbalame yoyera ikudutsa amadzutsa mutu, koma siitera. Yomulankhula yatsala wotchi yokha: "Mwakhalitsa pansi, dzukani muyende."