Kabedi Kamene Kanasiyidwa Pamsewu Tsiku Losamuka

Panali munthu wina ku Montreal, Bambo Gaétan Robitaille, mwamuna wa Mayi Solange, mkamwini wa Mayi Huguette Desrosiers. Amene anandiuza nkhaniyi anaiona ndi maso awo.

Mayi Solange anali oyembekezera mwana woyamba, ndipo banjalo linapeza nyumba yokulirapo ku Verdun, dera lina la mumzinda womwewo. Bambo Gaétan ankangoyenda akuimba likhweru. Tsiku losamuka linali lomwe lija la aliyense, pa 1 Julaye, pamene lendi zimatha ndipo mzinda wonse umanyamula katundu nthawi imodzi.

Mayi Huguette anawalangiza nthawi idakalipo. "Chitani lendi chipinda chosungiramo katundu, muzitutira kumeneko pang'onopang'ono. Tsikulo likamafika patsale bedi, firiji ndi chitofu basi. Koma choyamba kupita chikhale kabedi."

Kabediko kanali ka mwana, kamatabwa, kogwedeza. Anakakhoma ndi malemu bambo ake a Mayi Solange, ndipo Mayi Solangewo anakuliramo.

Chipindacho Bambo Gaétan anachipezadi. Koma anayamba n'kututiramo matayala a galimoto a nyengo ya chisanu, ndodo za masewera a hoke, mbedza zawo ndi mipando ya pakhonde, mpaka chitseko chinatsekeka mokankha.

"Nanga kabedi?" anafunsa akazi awo.

"Kameneko n'kopepuka, mayi. Ndidzakanyamula ndi dzanja limodzi, linalo ndikudyera pitsa."

Tsikulo linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Msewu unadzaza malole, ena atakweza matiresi panjinga, ena akutsitsa mipando ndi zingwe kuchokera pamakonde. Alamu a Bambo Gaétan, Bambo Normand, anafika ndi lole yobwereka. Anthu odzalowa m'nyumba yam'mwamba imene iwo ankatulukamo anali atafika kale pansi, akuliza hutala.

"Alamu, changu!" anakuwa Bambo Normand. "Kapena mukufuna mwanayu abadwire pamasitepe?"

"Inu gwirani firiji, pakamwa pokha simutopa!" anayankha Bambo Gaétan.

Kabedi kanali panjira. Bambo Gaétan anakatsitsa mothamanga, n'kukaika m'mphepete mwa msewu pafupi ndi mulu wa masofa otayidwa, n'kubwerera kumwamba. Firiji inawavuta pa masitepe okhotakhota aja. Inakakamira pakona, anaibweza, anachotsa chitseko chake, anayesanso. Itafika pansi onse anaomba m'manja.

Bambo Gaétan atacheuka, kabedi kunalibe.

Mwana aliyense wa mumzindamo amadziwa kuti pa tsikuli chilichonse chosiyidwa m'mphepete mwa msewu n'chotayidwa, wotola watola. Iwonso ankadziwa. Tebulo lawo lodyera analitola motero chaka chatha.

"Gaétan, kabedi ka bambo anga kali kuti?" anafunsa Mayi Solange.

Bambo Gaétan analiyatsa liwiro kutsika ndi msewu, akusuzumira m'malole a eni ake, akufunsa aliyense. Mayi wina wonyamula nyale anawalozera. "Kamatabwa? Kakhota apo, kali pamutu pa bambo wovala kabudula wofiira."

Anakapeza mumsewu wachiwiri, pamthunzi wa mtengo, pakati pa makatoni. Mkati mwake munali khanda, lili m'tulo tofa nato. Mayi ake ankagwedeza kabediko ndi phazi.

"Akuba inu! Kabedi kanga!"

Bambo wa kabudula wofiira, dzina lawo Bambo Wilner Célestin, anaika katoni pansi. "Achimwene, tsitsani mawu, mudzutsa mwana. Ndakatola pamulu wa zotaya. Munalembapo dzina?"

"Ndiitana apolisi!"

"Aitaneni. Adzafika chaka chamawa ndi mmene msewu wadzaziramu."

Anthu anasiya ntchito n'kuunjikana, ena akuseka. Nthawi yomweyo anatulukira Mayi Huguette, akuyenda mosapupuluma, mwana wawo Solange ali pambuyo akupukuta misozi. Anamva mbali zonse ziwiri. Kenako anafunsa mayi wa khandalo chifukwa chake mwana anamugoneka panja.

"Nyumba yathu ndi yapamwamba penipeni, amayi," anatero Mayi Célestin. "Amene analonjeza kudzatithandiza sanabwere. Chiyambire m'mawa mwanayu anali m'manja, akungolira. Wagona titamuika umu."

Mayi Huguette anatembenukira mkamwini wawo.

"Gaétan, ndinati choyamba kupita kuchipinda chija chikhale chiyani?"

"Kabedi, amayi."

"Munaikamo chiyani?"

"Matayala."

"Matayala!" anatero Bambo Normand, amene anali atangofika. "Ndiye mwana adzagona m'tayala, alamu?"

Msewu wonse unafa ndi phwete. Mayi Huguette okha sanaseke.

"Bambo awa sanabe," anatero. "Atola monga timatolera tonse, ndipo mwawatchula akuba pagulu. Mupepese. Amuna anga sanakhome kabedi aka kuti tizidzutsiramo ana. Mwanayu agonamo mpaka mdzukulu wanga atabadwa, ndipo pamenepo ndikupempha a Célestin adzatibwezere. Inu Gaétan, firiji ndi chitofu cha anthuwa zikwera pamsana panu mpaka pamwamba, lero lomwe."

Bambo Célestin anavomera, n'kupereka dzanja. Mayi Solange anayang'ana khandalo, nawonso anagwedeza mutu movomereza. Bambo Gaétan anayang'ana masitepe a nyumba ya a Célestin mmene anapotokera kukwera kumwamba, anapepesa, n'kuvula malaya.

Phunziro: Chipinda chosungiramo katundu sichithandiza munthu wosadziwa chimene chili chofunika. Yambani mwasunga chimene simungachipezenso kwina, zogulika zibwere pambuyo. Akulu akakulangizani musamvere theka, ndipo musatchule mnzanu wakuba pamene wotaya ndinu. Atumizireni nkhaniyi onse amene akukonzekera kusamuka, aiwerenge asanayambe kumanga makatoni.