Awiri Odikira pa Doko

Sitima yonyamula maapozi isanafike pokhota pomaliza pa mtsinje wa Huon, Ottilie Garrard anali atavula ndi kuvalanso chipewa chake kangapo konse. Ankaseka popanda chomuseketsa. Anapatsa moni ngakhale mbuzi imene inamangidwa pambali pa mabokosi, mpaka mng'ono wake Queenie anamukoka diresi kuti akhale pansi asanagwere m'madzi.

Chinali chaka cha 1926, nyengo yothyola maapozi ikupita kumapeto. Ottilie anali mlakatuli wodziwika ku Hobart, koma chaka chimenecho sanalembe ndakatulo ngakhale imodzi. Luso lonse linathera m'makalata achikondi. Chovuta chinali chakuti makalatawo ankapita kwa akazi awiri, Enid Duggan ndi Myrtle Hankin, onse olongedza maapozi m'shedi imodzi kumudzi wina wa m'mbali mwa mtsinjewo.

Anawaona tsiku limodzi, atabwera kudzalakatula mu holo ya kumudziko. Enid anali wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Myrtle akaseka, a tsidya lina ankadziwa kuti shedi yatsegulidwa. Ottilie analephera kusankha. Ndiye, monga ankachitira posunga ndakatulo zake, ankaika pepala la kaboni pansi pa kalata iliyonse. Yapamwamba inkapita kwa Enid, yapansi kwa Myrtle, dzina lokha n'kulemba pambuyo pake. Ankati mawu okoma ndi osowa, si bwino kuwathera pa munthu mmodzi.

Ndipo analidi okoma. "Ndikagula chipatso kuno kutauni," inatero kalata ina, "ndimayamba ndachinunkhiza, poganiza kuti mwina ndi dzanja lako linachikulunga m'pepala. Ogulitsa akuyesa mutu wanga wasokonekera. Sakunama."

Onse awiri ankayankha. Sabata yathayi aliyense analemba payekha, kumupempha kuti abwere pa sitima ya Loweruka chifukwa ali naye mawu. Ottilie anavina m'khitchini ndi makalatawo m'manja. Tsiku lomwelo mtima wake unakhazikika pa Enid. Anasesa chipinda cham'mwamba, anasoka makatani atsopano, anagulanso kapu yachiwiri yojambulidwa maluwa. Lero anali kubwera kudzamupempha Enid kuti akakhale naye ku Hobart mpaka imvi.

Chotsala chinali Myrtle. Ottilie anali atakonza mawu omukanira mwaulemu, ndipo ulendo wonse ankawayeserera pa Queenie. Anamugwira manja, anamuyang'ana m'maso mwachisoni, anamuuza kuti mtima wa munthu si munda woti n'kugawa mizere. Queenie anamvetsera akutafuna bisiketi.

"Achemwali, inu mukanakhala mwamuna bwenzi atakuswani kale mutu ndi bokosi la maapozi," anatero. "Ine ndangobwera kudzaonerera."

Ottilie anamutcha mwana wopanda chifundo, n'kumupsompsona pachipumi. Anafunsa ngati chipewa chakhala bwino. Queenie anati chakhala ngati nkhuku yofungatira mazira, ndipo onse anaseka mpaka woyendetsa sitima anasuzumira pawindo.

Sitima italiza wezulo, doko linaonekera. Pakati pa milu ya mabokosi panaima akazi awiri, onse atavala za ku tchalitchi. Ottilie anagwira chitsulo cham'mbali mwa sitima. Pafupi ndi mapazi a Enid panali sutikesi yaikulu yomangidwa ndi lamba.

Ndiye kuti walongedza kale, asanapemphedwe n'komwe. Ottilie anafinya dzanja la Queenie mpaka mwiniwake anadandaula. Kenako anayang'ana Myrtle, amene ankagwedeza kampango m'mwamba, nkhope ili ngwee, ndipo chisoni chinamugwira pang'ono. Mwana wa eni ake, kusekerera chonchi osadziwa chimene chikubwera. Anatsimikiza mumtima kuti amulembera ndakatulo yomutonthoza, yaitali bwino, yopanda kaboni.

Thabwa lotsikira lisanakhazikike, Ottilie anali atafika kale pansi. Enid anamukumbatira mwakachetechete. Myrtle anamukumbatira mpaka chipewa chinapendekeka. Amuna onyamula mabokosi anawalambalala ngati mmene amalambalalira chithaphwi, poti sitima sinkachedwa pa dokopo, inkangokweza katundu n'kubwerera.

Ottilie anaona kuti ndi bwino kuyamba ndi chowawa, chokoma chitsatire. Anagwira manja a Myrtle, anapendeketsa mutu monga anayeserera, n'kuyamba kunena za mtima ndi munda. Sanafike n'komwe pa mizere. Myrtle anali akuluma mlomo, mapewa akugwedezeka, ndipo Enid anayang'ana kumbali akubisa pakamwa ndi golovesi.

"A Ottie, dikirani kaye," anatero Enid mofatsa. "Mawu tili nawo ndi ife. Tsiku lina pa nkhomaliro tinaonetsana makalata anu, aliyense akunyadira ake. Sabata yonse tinakutukwanani. Kenako tinaona kuti mawu abwino chonchi kuwataya ndi tchimo, ndiye tinayamba kuwerengerana makalatawo."

Ottilie anasiya manja a Myrtle.

"Amakoma kwambiri akamatuluka pakamwa pa uyu," anatero Myrtle, akukoleka dzanja lake m'mkono mwa Enid. "Tapeza kachipinda ku Hobart, tikukwera sitima yomweyi. Tinangoti si ulemu kuchoka osathokoza ankhoswe."