Makilo a Chaka Chonse

Lole ya fodya inali ikulira kale panja, koma kompyuta yakale ya pasikelo inkakana kutumiza makilo ku seva yatsopano, kompyuta yosungira zolemba zonse za kalabu yathu ya alimi ku Chamama.

"Mayi, njira yakale yotumizira makiloyi anaitseka dala," anatero Dominic, wokonza makompyuta. "Ndikaitsegula, vairasi ikhoza kulowera pomwepo."

"Wapampando ndine. Mabelo a matenanti agona pano mpaka liti? Tsegulani, bambo."

Anatsegula. Makilo a tsikulo analowa, ine ndinakauza dalaivala kuti anyamuke.

Nditabwerera, ndinapeza Dominic atagwira pakamwa. Vairasi ija inali italowa. Mafayilo a makilo a chaka chonse ankasintha mayina limodzilimodzi, osatsegukanso.

Pakhomo panaima a Rabson, tenanti wochokera ku Mulanje, chipewa chili m'manja.

"Mayi, makilo anga akwana angati?"