Mtambo wa a Kuwabara

A Kuwabara, wopanga mafilimu, sankaonera filimu yawo tsiku loyamba kuionetsa. Ankati katswiri amamva ndi khutu ngati ntchito yagwira mtima. Zoona zake ankachita mantha.

Masana amenewo, mu 1929, anadzitsekera m'kachipinda ka matsache, kuseri kwa holo ya kanema m'dera la Asakusa ku Japan, khutu lili pakhoma. A Ogiwara, eni kampani ya mafilimuyo, anali atanena mosapsatira: "Anthu akapanda kulira lero, mubwerere kwa bambo anu muzikagulitsa tofu, chakudya chawo cha soya chija."

Mafilimu a nthawiyo anali osalankhula. Nkhani ankaifotokoza ndi benshi, munthu woima pambali pa chinsalu. Tsoka ilo, benshi wa tsikulo anali Shiomi, yemwe a Kuwabara anamunena m'nyuzipepala kuti ndi ntchentche yolira pachithunzi chokongola.

Polowa m'holo, Shiomi anali atawaweramira bwinobwino. "Mtima m'malo, akuluakulu. Ntchentche yanu yafika."

Filimu inayamba. Patapita mphindi zisanu, m'kachipindamo munalowa fungo la chinthu chopserera. Wina anathamanga pakhonde. Shiomi anangoti zii. Wayamba kubwezera, anaganiza a Kuwabara, ndipo m'maso mwawo munadutsa tofu.

Kenaka mawu aja anayambiranso, motsitsa. Mayi wina anafwenthera. Wina anasisima. Nkhani itafika pamene mwana akutsanzikana ndi amake pasiteshoni, m'holo monse munali ngati pamaliro.

A Kuwabara anapukuta thukuta n'kuwongola chipewa. Malo amenewo anawajambula masiku khumi ndi limodzi, kudikira mtambo woyenera. Anthu ankawanena kuti apenga. Lero mtambo uja ndi umenewo, ukuliza akuluakulu ndevu zili pepeya.

Filimu itatha anatuluka chifuwa chili patsogolo. A Ogiwara ankabwera, maso ali psuu.

"Mwaona, bwana?" anatero a Kuwabara. "Chithunzi chabwino chimalankhula chokha. Ngakhale ntchentche singachiwononge."

A Ogiwara anawadutsa ngati mzati n'kukamuweramira Shiomi mpaka magalasi kutsala pang'ono kugwa. Pomwepo anatulukira woyendetsa makina oonetsera filimu, manja ali bii.

"Pepani bwana, nyale ya makina inapsa pa mphindi yachisanu. Pachinsalu panalibe kanthu mpaka kumapeto. Mawa m'mawa ndikonza."

"Usakonze," anatero a Ogiwara. Kenaka anatembenukira kwa a Kuwabara. "Bambo anu mukawapatse moni."