Chikho cha Amayi

Sungeni anazindikira atameza kale madzi kuti chikho chimene wamwera ndi cha amayi ake. Anachitsuka ndi phulusa kawiri, n'kuchikolekanso pa msomali, osauza munthu.

Masiku amenewo aliyense ankamwera chikho chakechake, chifukwa Lachisanu lililonse kunkabwera woyeza malovu. Makina ake ankagawa zamoyo zonse m'magulu atatu. Gulu la mabakiteriya linalibe mlandu, chimodzimodzinso gulu la anthu, mitengo ndi bowa. Koma gulu lachitatu, tizilombo tosaoneka tokonda mchere, linkapezeka mwa anthu a kudambo loletsedwa, ndipo wopezeka nalo ankatengedwa osabwerako.

Dzulo lake, Malizani, mnyamata wophika mchere kudamboko, anali atamupsompsona Sungeni kuseri kwa bango.

M'mawa wonse wa Lachisanu, Sungeni anatafuna masamba a nimu mpaka lilime kuchita dzanzi, monga Malizani anamuphunzitsira pofuna kubisa tizilomboto. Woyeza atafika, Sungeni analavulira m'kabotolo. Nyali ya makina inayaka yobiriwira.

"Tsopano inu, mayi," anatero woyeza.

Amayi analavula akuseka. "Ine nkhalamba ndingapite kuti?"

Nyali inafiira.

Kuseka kuja kunazima. Amayi anatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana milomo ya mwana wawo, yobiriwira ndi nimu.

"Amayi, ndine amene..."

Amayi anamutsina pamkono mwamphamvu.

"Ndinapita ndekha kudambo, achimwene," anatero amayi kwa woyeza. "Ndinalakalaka mchere weniweni, basi. Iwe Sungeni, ukuyang'ana chiyani? Thamanga ukanule zovala kuseriko, mvula ikubwera."

Kumwamba kunalibe mtambo ndi umodzi womwe.