Kavalo Wamawanga wa Verna Tackett

Panali mayi wina wa ku Indiana, dzina lake Verna Tackett, amene ankasonkhanitsa akavalo a pulasitiki. Musaseke, tilipo ambiri, ena ndi imvi zathu. Chaka chilichonse mu Julaye timakakumana ku Kentucky, kuchionetsero kumene amagulitsa akavalo osapezeka m'sitolo iliyonse. Verna ankapitako ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, Glenda Rourke. Ankakwera galimoto imodzi, kubwereka chipinda chimodzi kuhotela, kuyambira ana awo akukwawa.

Kuchionetseroko kumakhala kavalo wina amene amagulitsidwa atakulungidwa. Ogula amasankhidwa pamaere, ndipo mtundu wake umaudziwa ukatsegula. Ambiri amakhala ofiirira wamba, koma amasakanizamo ochepa kwambiri a mtundu wosowa. Chaka chimenecho kunamveka kuti osowawo ndi oyera a mawanga akuda. Verna atamva anagwetsa misozi. Kavalo weniweni amene ankakwera ali mtsikana, uja anagulitsidwa banja lawo litasamukira m'tauni, anali wotero ndendende. Nkhani imeneyi Glenda anali ataimva mpaka kutopa nayo.

Maere anamugwera Verna, Glenda ayi. Koma tsoka ilo, Verna anagwa pamasitepe n'kuthyoka mwendo. Choncho anapereka tikiti yake kwa Glenda kuti akamutengere kavaloyo, monga timachitirana ambiri.

Mwana wake wamkazi, Shawna, anamuchenjeza. "Amayi, auzeni anti Glenda asakatsegule. Abwere naye wokulunga, mudzatsegule nokha pano."

"Iwe, ukufuna ndimuchititse manyazi? Glenda ndi amene anandigwira dzanja pamaliro a bambo ako."

"Sindikukana. Koma anthu anu aja akaona kavalo wosowa mitu imabalalika."

"Tatseka pakamwapo, undipatsire ndodo yangayo."

Tsikulo litafika, Glenda anaimba foni. "Mnzanga, pepa, watuluka wofiirira. Ndakhumudwa ngati anali wanga."

"Usadandaule iwe, maere ndi choncho," anayankha Verna. "Koma wadya? Kapena ukungozungulira m'zipinda za anthu ngati mwa masiku onse?"

Paja kuhotela kuja anthu amasiya zitseko zotsegula, akavalo atawayala pabedi, n'kumagulitsana. Glenda ankazidziwa zipinda zimenezo kuposa khitchini yake.

Wofiirirayo anafika. Verna anamuika pashelefu, ndipo ngakhale ankayenda ndi ndodo, anamuphikira Glenda keke yomuthokozera.

Koma ife tili ndi khalidwe lathu. Munthu akatsegula kavalo wosowa ali pamzere wolandirira akavalowo, tonse timakuwa, kumuunjirira, mafoni m'mwamba. Patapita masiku, wina anaika kanema wa pamzerewo m'gulu lathu la pa intaneti. Verna ankaonera ali pabedi, mwendo uli pamtsamiro. Anangoona Glenda akung'amba chokulungira, akudumphadumpha ngati kamtsikana, atakweza m'mwamba kavalo woyera wa mawanga akuda. Glenda yemweyo amene maere sanamugwere. Tikiti imene anali nayo inali imodzi basi, ya Verna.

Verna anaimba foni. "Glenda, kavalo wanga ali kuti?"

"Si uyo ali pashelefu pako?"

"Kanema ndamuona."

Glenda anayamba kulankhula mofulumira. "Tamvera kaye. Mayi wina wa ku Texas anandikakamira pomwepo, sanandipatse mpata wopuma. Ndinamugulitsa. Wofiirira uja ndinagula pachipinda choyandikana ndi changa. Ndimati sudzadziwa, ndiye sizidzakupweteka."

"Umadziwa chifukwa chimene ndimamufunira."

"Ndi pulasitiki chabe, mnzanga."

"Pulasitiki? Nanga umadumphiranji chonchija?"

"Ndikupezera wina, ndikulumbira."

"Ndinaimirira ndi mwendo umodzi kukuphikira keke, Glenda. Unadya, n'kupempha ina yokadyera kunyumba. Kavalo mwina umupeza. Koma undiuze, galimoto ija chaka chamawa ndidzakwera ndi ndani?"

Atatero, Verna anadula foni.

Shawna anamufufuza mayi wa ku Texas uja mpaka kumupeza. Mayiyo anamva chisoni, koma anati iye anagula mwachilungamo ndipo sangabweze. Sitingamunene, si iye anaba.

Nkhani inawanda m'gulu lonse. Chaka chotsatira Glenda anabwera ndithu kuchionetsero, anthu ena manyazi alibe. Anatsegula chitseko chake, kuyala akavalo pabedi, kukhala pampando kudikira. Ife tinkangodutsa, kuyang'ana kumbali.

Koma musaganize kuti Verna anapambana. Zimenezi ndi zimene zimandiwawa ine mpaka lero. Mwendo unachira bwinobwino, koma ku Kentucky sanabwerenso. Shawna akuti mayi akewo analongedza akavalo onse m'makatoni, amene anawasonkhanitsa moyo wawo wonse, n'kukawatsekera m'chipinda chapansi. Akuti akayang'ana kavalo aliyense amakumbukira kuti anamugula ali ndi Glenda. Julaye akafika amazimitsa foni.

Phunziro: Mnzanu akakutumani kuti mukamutengere chinthu, chinthucho si chanu, ngakhale chikongole bwanji chili m'manja mwanu. Mukamubera munthu amene amakukhulupirirani simumulanda katundu yekha, mumamulandanso zonse zimene ankasangalala nazo ali nanu. Inunso wotuma, mwana akakuchenjezani mverani, kupempha kuti phukusi lanu lifike losatsegula si chipongwe. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu onse, makamaka amene akupereka matikiti awo kwa ena chaka chino.