Pa Mphasa ya Apongozi

Aubrey anakana mpando. Anakhala pa mphasa, miyendo atapinda ngati mwana wa Sande sukulu. Suti inalira m'maondo. Anapirira. Kudzichepetsa kumafuna nsembe.

Linali tsiku la Khirisimasi, pakhomo pa apongozi ake aNabanda, kuseri kwa Milepa. Anabwera kudzatenga mkazi wake Elsie. Anamusiya pakhomo pomwepa chaka cha mavoti achibwereza, atamuuza kuti akukafuna ntchito ku Limbe, amudikire pang'ono. Ntchito anaipeza. Anapezanso Tracy. Zaka zinadutsa osaponda kuno. Chaka chino ntchito inatha, Tracy anatha nayo limodzi, ndipo Aubrey anakumbukira Mulungu ndi Elsie sabata yomweyo.

Abusa a ku Ndirande anamulangiza mwachidule. "Ino ndi nyengo yodikira, m'bale. Pita ukadzichepetse. Mtendere ukakupeze uli pansi."

Ndiye anali pansi. Wotchi anabisa m'thumba. Magalasi akuda anawaponya m'jumbo, pamodzi ndi buledi, shuga ndi botolo la Sobo.

"Elsie wapita ku Misa," anatero aNabanda. "Mudikire."

Anadikira. Mthunzi wa mango unamuthawa. Ntchentche zinamuyesa chikhulupiriro. Nkhuku inamujompha nsapato, iye anaikhululukira. Wailesi ya pakhomo loyandikana inkaimba za Mwana wobadwira m'khola, ndipo Aubrey anaona kuti iye ndi Mwanayo sakusiyana kwenikweni. Onse anasiya pabwino n'kutsikira m'matope. Simeoni anadikira m'kachisi, inde, koma Simeoni sanapanikizane ndi mbuzi m'matola. Kum'mawa kumodzi komweku, Aubrey anadzimva kuti wadikira kuposa aneneri onse.

Kenaka chozizwitsa chinachitika.

ANabanda anatuluka ndi mbale za mpunga ndi nkhuku. Sanatume munthu. Anabwera okha, n'kukhala pa mphasa yomweyo, phewa ndi phewa. Anamupatsa dzanja. Anamuyang'ana m'maso.

Aubrey anatsala pang'ono kutsamwa. Zaka zonse za ukwati wake, mayi amenewa sanamuyang'anepo kumaso. Akakumana panjira ankapatukira m'chimanga. Moni ankapereka ali patali, atagwada, atafulatira. Dzina lake silinatulukepo pakamwa pawo. Elsie ankati ndiwo ulemu wa kuno, mpongozi ndi mkamwini amapewana. Aubrey, mwana wa m'tauni wobadwira pa chipatala cha Gulupu, ankati zimenezo n'zachimidzi. Ankati ndi chidani chovala chitenje basi.

Lero chidanicho chinkamupakulira mpunga.

"Mwanenepatu, aAubrey. Ku Limbe kumakoma eti?"

"Ndi chisomo chabe, apongozi."

ANabanda anaseka mpaka kumumenya paphewa. "Apongozi! Inu ndi nthabwala zanu. Idyani, achimwene. Ntchafu iyo, musaiope."

Aubrey anaweramitsa mutu monga anayeserera pagalasi dzulo lake. Mawu anawatsitsa.

"Ndinalakwa, mayi. Ndinasochera."

"Aaa, zinatha kalekale izo. Ankhoswe anakhala pansi. Amalume anu anabwera, tinakambirana bwinobwino pansi pa mango pomwepa. Sanakuuzeni?"

"Sitinaonane."

Sanali kunama. Amalume anamufunapo ku Ndirande kangapo. Iye ankatulukira kuseri, poganiza kuti akudzapempha ndalama za feteleza. Kani mkulu uja ankamukonzera banja! Anaganiza zodzawagulira jekete pa kaunjika.

"Ndiye mulibe nane mangawa?"

"Mangawa a chiyani? Ife mtima uli mbee. Elsie nayenso anakhululuka. Amaimba kwaya masiku ano, wanenepa kuposa inu."

Aubrey anatafuna fupa mosangalala. Umboni wa Lamlungu unayamba kudzilemba wokha m'mutu mwake. Abale ndi alongo, ndinakana mpando. Ndinakhala pansi ngati kapolo. Mtima wa apongozi, umene unali mwala, unasungunuka ngati majarini padzuwa. Apa mpingo udzaimirira. Amayi a kutsogolo adzalulutira. Mwina abusa adzamupatsa udikoni.

Anaganizanso za Elsie. Sadzamukalipira. Adzamulola alire pang'ono. Katundu wake asachuluke, matola a patchuthi amavuta.

Belu la njinga linalira kumpanda. Kabaza, anatero Aubrey mumtima. Wopalasa anali mwamuna wamtali wa malaya oyera, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kunali Elsie, atavala chitenje chatsopano, buku la nyimbo lili m'manja. Anali wokongola kuposa mmene Aubrey anamusiyira, zimene zinamunyansa pang'ono.

Aubrey anaimirira. Anasasa mpunga pa suti. Anatambasula manja monga atate a mwana wolowerera, ngakhale wolowererayo anali iyeyo.

"Aise, wagwira ntchito," anauza wa njinga. "Ungathe kumapita."

Wa njinga sanapite. Anatsamiritsa njinga pakhonde, n'kuyamba kumasula mabatani a malaya.

"APius," anatero Elsie kwa wa njingayo, "awa ndi aAubrey aja."

Aubrey anacheuka kuti apongozi amuthandize. Pa mphasa panalibe munthu. ANabanda anali atafika kale ku nkhokwe, atagwada, atafulatira Pius, mawu ali pansipansi.

"Mwapemphera bwanji, akamwini?"